Botolo la Ulusi Woyera

Pakamwa pa a Everisto, abale anga, mukaikapo kansomba pamatuluka ng'ona. Feira yonse imadziwa zimenezi, ngakhale mbuzi za pa boma. Koma poti malume amene anatsala ndi moyo anali iwowa basi, Hillary analibe kochitira. Anawatenga omwewo kukhala nkhoswe yake pokafunsira Tisiyenji, mwana wa a Jekapu, msodzi wa ku Mphuka.

Munali mu 1998. Hillary anali atabwera kutchuthi kuchokera ku Joni, kumene ankaphunzira za mankhwala pa yunivesite. Tsiku lopereka mbale zofunsira ukwati anamukhazika kuseri kwa nkhokwe monga mwa mwambo, pakuti mkamwini sayang'anizana ndi apongozi ake, ndipo salankhula nawo pamaso. Mawu ake onse amayenda ndi nkhoswe. A Jekapu atafunsa kuti mnyamatayo amagwira ntchito yanji, a Everisto anazungulira nkhokwe kukamufunsa mwiniwake.

"Muwauze kuti ndikadali pasukulu," anatero Hillary motsitsa mawu. "Tikuyesa mankhwala a mvunguti m'timbale tagalasi, kuti tione ngati angaphe tizilombo toolesa zilonda. Pa munthu sitinafike."

A Everisto anabwerera pabwalo, anakonza kolala ya jekete, n'kutsokomola kawiri.

"Mwana wathuyu ndi dokotala wamkulu wa ku Joni. Amapanga mankhwala a zilonda zimene chipatala chazilephera."

Nthungululu inaphulika! A Madalena, amayi ake a Tisiyenji, anachita kuvina ndi mthiko m'manja. Hillary kuseri kuja anamva zonse, thukuta kamukamu, koma akanatani? Kutulukira pabwalo n'kuwatsutsa amalume ake pamaso pa apongozi kukanathetsa ukwati tsiku lomwelo. Anadziuza kuti bodza lake n'laling'ono, liiwalika lokha.

Silinaiwalike ayi. Mwezi usanathe, munga wa nsomba ya nkolokolo unawabaya a Jekapu pamsongolo akukoka ukonde. Kachilonda kake kanali kakang'ono, kopanda ndi ulemu womwe, koma kanatupa, kanayamba kutuluka mafinya, kenako fungo. Za chipatala cha mishoni mkuluyo anakana kwamtuwagalu, chifukwa mkulu wawo anapitako ndi miyendo iwiri n'kubwerako ndi umodzi. Ndipo ankati, nanga chipatala n'chachiyani pamene mankhwala ali kwa mkamwini?

* * *

Hillary ndi Tisiyenji anakumana padoko la pa boma, pamene Luangwa amathira mu Zambezi, dzuwa la Okutobala likuwotcha ngati lakwiyira munthu. Tisiyenji anabwera ndi dengu la nsomba zouma za pende, koma analitula pansi osaitana ndi wogula mmodzi yemwe. Maso ake anali psuu.

"Atate sakudya," anatero osapereka ndi moni womwe. "A Hillary, ndikupempheni chinthu. Tsiku lija ndinabweretsa ndiwo kwa amalume anu, ndinaona mabotolo awiri pazenera la chipinda chanu. Lina lomangidwa ulusi wofiira, lina ulusi woyera. Ndipatseniko limodzi."

"Tisi, takhala pansi ndikufotokozere."

"Ndaima bwinobwino. Fotokozani."

Hillary anausa moyo. "Mu chipatso cha mvunguti muli chinthu chimene chimapha tizilombo tija timati mabakiteriya. Vuto lake, chinthucho sichisungunuka m'madzi. Ukachithira chimangoundana n'kuyandama ngati mafuta ophikira, ndiye sichifika kumene kuli tizilomboto. Ife timatenga zigoba za nkhanu, n'kuchotsamo ulimbo wina wotchedwa polima. Ulimbowo timaupanga timatumba ting'onoting'ono, toti sungatione ngakhale utatong'ola maso bwanji. Mankhwala aja timawatsekera m'timatumbamo. Timatumbato timasakanikirana ndi madzi bwinobwino, timakamamatira pa kachilombo, n'kumatulutsa mankhwala pang'onopang'ono."

"Ndiye zimapha?"

"M'mbale yagalasi zimapha."

"Nanga pamwendo?"

"Sindikudziwa. Palibe akudziwa. Sanayesedwepo pa munthu, ngakhale pa mbewa."

"Nanga munawabweretseranji kuno ngati si ochizira anthu?"

"Kuti ndione ngati kutentha kwa kuno kungawawononge. Mankhwala amene apirira Feira, apirira kulikonse."

Tisiyenji anaomba m'manja kamodzi. "Mwaona manje! Botolo mukuliyesa ngati lipirira dzuwa, atate anga mukuwayesa ngati apirira chilonda."

Mawu amenewo anamulasa Hillary mpaka m'chiwindi. Ankamukonda mtsikanayu, ankamukonda ngakhale akamakalipa chonchi. Anafuna kumugwira dzanja, koma amayi ogulitsa nsomba anali atasiya kale malonda n'kutchera makutu.

"Ndikawapaka zinthu zosadziwika n'kuwawonjezera matenda, udzandiyang'ana ndi maso ati? Atate akufunika jekeseni ndi kutsukidwa chilondacho kuchipatala. Lero lomwe, Tisi, osati mawa."

"Kawauzeni nokha."

Onse awiri ankadziwa kuti sizingatheke.

"Ndakhala ndikuwatuma amalume," anatero Hillary potsiriza.

"Eya, amabwera. Amati mankhwala akupsa, tidikire pang'ono."

Hillary anagwira kumutu. Nthawi yomweyo kunamveka injini, ndipo boti lobiriwira linadzagunda pamchenga. Munatsika Simão, wogula nsomba wa ku Zumbo, tsidya lija la Mozambiki. Ameneyu anafunsirapo Tisiyenji chaka chathachi, n'kukanidwa, koma anthu ena kukanidwa sakumva. Anadutsa pafupi, wotchi ikunyezimira, fungo la mafuta onunkhira likumutsogolera.

"Bondiya, dotolo! Apongozi achira?" Atapereka moni wa Chipwitikiziwo anaseka yekha, n'kutembenukira kwa mtsikanayo. "Tisi, kwathu kuli mayi wina amatsuka zilonda zotere ndi mizu, popanda kudula kanthu. Boti ndi ili. Ine ndikakonda munthu, shamwali, sindimubisira mankhwala."

"Zako izo," anatero Tisiyenji. Koma posenza dengu lake sanamutsanzike Hillary, ndipo Simão anaona.

* * *

Lachinayi Hillary anapita kutchire kukatola mvunguti. Pobwera anapeza pazenera pali botolo limodzi lokha, la ulusi wofiira. Anayang'ana pansi pa bedi, kuseri kwa sutikesi, mpaka panja pazenera. Kunalibe. A Everisto anati mwina yagwetsa ndi nkhuku, ndipo Hillary anavomera, popeza nkhuku za pakhomopo zinkalowa m'nyumba ngati zimalipira lendi.

Sabata yotsatira a Everisto anabwera kuchokera ku Mphuka atanyamula chingwe cha pende wonenepa, mano onse ali pamtunda.

"Mphwanga, wandivula manyazi! Apongozi akuti zikomo. Akupaka m'mawa ndi madzulo, ndipo akuti za chipatala asazimvenso."

"Akupaka chiyani?"

"Aaa, iwe! Si mankhwala unatumiza ndi Tisi aja?"

Hillary anakwera njinga ya amalume akewo, n'kupalasa ngati akuthamangitsidwa ndi njati.

Anamupeza Tisiyenji kudimba, m'mbali mwa Zambezi, akuthirira repu. Mtsikanayo atangomuona anatula chitini pansi. Sanadikire ndi kufunsidwa komwe.

"Inde, ndinatenga ndine. Ndinawauza kuti mwatumiza ndinu. Ndikalipireni, koma atate anga sindikanawasiya awole ndikuona."

"Unatenga loyera."

"Nanga ndikanatenga lofiira? Ine si chitsiru. Alangizi andiphunzitsa posachedwapa pokonzekera kulowa m'nyumba mwanu momwemo. Mkanda wofiira ukapachikidwa, ndiye kuti osayandikira. Woyera ndiye kuti njira yatseguka. Ndinadziwa kuti lofiiralo ndi lapoizoni."

Hillary anakhala pansi pamzere wa repu. Akanakhala wina akanaseka. Iye anafuna kulira.

"Tisi, ulusi ndinamanga chifukwa mapepala omata pamabotolo amamatuka ndi kutentha. Ndinangotola umene unali mu singano ya azakhali. Poyesa mankhwala timapanga mabotolo awiri. Limodzi timaikamo timatumba tokhala ndi mankhwala. Linalo timaikamo timatumba topanda kanthu, kuti tikayerekeza tidziwe ngati chapha tizilombo ndi mankhwalawo kapena thumba. Loyera lija mulibe mvunguti ngakhale dontho. Ndi madzi ndi zigoba za nkhanu."

Tisiyenji anamuyang'ana ngati sakumva chinenero chake. Kenako anagwira pakamwa.

"Mayo ine! Ndiye masiku onsewa ndakhala ndikuwapaka madzi?"

"Mwendo uli bwanji?"

"Watupa mpaka m'bondo. Pali kamzere kofiira kakukwera kuntchafu. Thupi likutentha, ndipo nthawi zina amaitana mkulu wawo amene anamwalira. Amayi akuti ndi mankhwala akukoka matenda." Anagwada n'kumugwira mkono, osasamalanso za anthu a m'madimba oyandikana. "Ndiye tipatseni lofiiralo! Chonde, a Hillary, ndagwira mwendo wanu."

"Ngakhale lofiiralo silingathandize apa. Tizilombo talowa kale m'magazi. Akachedwa, sitikambanso za mwendo, Tisi. Tikamba za maliro."

"Sangapite. Akukhulupirira botolo lanu kuposa Mulungu."

"Ndiye auzidwe kuti m'botolomo mulibe kanthu."

"Akadziwa kuti ndinaba kwa eni mbale, n'kuwanamiza iwo atate anga, ndikalowera kuti ine? Mudzi wonse udzandiimba nyimbo. Ndipo inu akadziwa kuti si dokotala..."

Mvuu inafwenthera kutali pakati pa mtsinje, ndipo madzi a m'chitini chija anali atatayikira onse m'mchenga.

* * *

A Everisto anafika pakhomo pa a Jekapu masana ndi wapansi, akudandaula za njinga yawo. Hillary anawakokera kuseri kwa nkhokwe, pamalo ake a masiku onse. Kuchokera pamenepo ankatha kuwaona a Jekapu atagona pamphasa pansi pa msawu, a Madalena akuwaingitsira ntchentche ndi nthambi. Fungo linkafika mpaka kunkhokweko. Pampando wabwino wa pakhomopo panakhala Simão, amene anati wabwera kudzazonda matenda ndi paketi ya shuga.

"Malume, ndikupempheni. Lero lokha munene zimene ndikuuzeni, osaonjezera, osachotsera. Muwauze kuti m'botolo muja mulibe mankhwala. Muwauze kuti ine si dokotala. Muwauze kuti akapanda kupita kuchipatala lero, amwalira."

"Iwe mwana, wapenga? Mawu otere amanenedwa kwa apongozi?"

"Chonde, malume."

"Chabwino, chabwino. Ndisiyire ine, ntchito imeneyi ndinayamba iwe usanabadwe."

Anapita pabwalo, anagwada, anaomba m'manja mwaulemu, n'kukonza kolala.

"Dokotala akupereka moni. Akuti mankhwala amenewa ndi amphamvu kwambiri, ndiye amagwira pang'onopang'ono. Akuti mukafuna, tsiku lina mungathe kukaonetsako kuchipatala, kungoti azungu akaone mmene mukuchirira."

"Ee, ee," anatero a Jekapu mofooka. "Muwauze tikupaka."

Abale anga, munthu akhoza kupirira zambiri, koma Hillary pamenepo mtima unamuthera. Anadziwa kuti akangodutsa nkhokwe ija, Tisiyenji wamutaya. Anadziwanso kuti akakhala pomwepo, sabata yamawa adzakhala kuseri kwa nkhokwe yomweyo akumva nyimbo za maliro. Anaimirira. Anayenda mpaka pakati pa bwalo n'kugwada pafupi ndi mphasa.

A Madalena anakuwa, anadzifunditsa chitenje kumaso n'kuthawira pakhonde. Anthu oyandikana nawo anatulukira m'mipanda. A Everisto anangoti kukamwa yasa.

"Atate, ndikhululukireni, ndalakwira mwambo," anatero Hillary, maso ali pansi. "Ine si dokotala. Ndine mwana wasukulu. M'botolo mukupakalo mulibe mankhwala, ndi madzi ndi zigoba za nkhanu. Matenda alowa m'magazi. Mukapita kuchipatala lero, mwina mwendo aupulumutsa. Mukagona pano, mumwalira."

A Jekapu anadzuka pang'ono, atatsamira chigongono. Maso awo anali achikasu, koma ankaona bwinobwino.

"Botololi unatumiza ndiwe?"

Hillary anaponya diso kumbali. Tisiyenji anaima pafupi ndi mtondo, manja onse ali pachifuwa.

"Ndine," anatero Hillary.

"Ukudziwa kuti mulibe kanthu?"

"Ndikudziwa."

"Ndiye unkandiyesa mbewa yako."

"Atate, si choncho!" anakuwa Tisiyenji. "Ndine ndina..."

"Chete iwe!" anatero a Madalena ali m'chitenje momwemo. "Ukufuna kumuikira kumbuyo munthu wofuna kupha atate ako? Taonani, wayang'ana apongozi ake m'maso ngati galu!"

Tisiyenji anayesanso kulankhula, koma azakhali ake anamukokera m'nyumba, mawu ake n'kumira m'phokoso la anthu. A Jekapu anagonanso chagada, misozi ikutsikira m'makutu.

"Madalena, tulutsa mbale za anthuwa. Ndipo mundinyamule. Sindifera pamphasa chifukwa cha madzi a nkhanu."

Simão anaimirira pang'onopang'ono, akupukuta wotchi yake pa malaya.

"Msewu wa kuno galimoto silibwera, atate. Boti langa lili pamadzi, mafuta ndi odzaza. Ndikakutulani pa boma dzuwa lisanapendeke. Tisi akwere nawo, azikugwirirani mwendo."

"Mulungu akudalitse, mwana wanga," anatero a Madalena.

Mwana wanga! Hillary anamva mawu amenewo akadali chogwada, ndipo anamupweteka kuposa a galu aja. Mbale ziwiri zovundikirana zinatuluka m'nyumba n'kuikidwa m'manja mwa a Everisto. Palibe anamuuza Hillary kuti adzuke.

* * *

Anadzuka yekha. Mtima unali utasweka, koma anadziuza kuti bola mkuluyo wavomera. Anapalasa njinga kubwerera pa boma kuti akawatsogolere, fumbi likumulowa m'kamwa. Anapeza galimoto la mishoni lili pamsika, dalaivala akumwa tiyi asanabwerere kuchipatala. Anamuchonderera mpaka munthuyo anavomera kutsikira kudoko n'kudikira.

Anayala mphasa yobwereka kumbuyo kwa galimotolo. Anagula madzi akumwa. Kenako anaima m'mphepete mwa mtsinje, akuyang'ana kumtunda kwa Zambezi, ndipo m'mutu ankakonza mawu oti akamuuze Tisiyenji m'galimoto, poti m'galimoto mulibe nkhokwe.

Injini inamveka. Boti lobiriwira linatulukira pakona, ndipo Hillary anakweza dzanja.

"Ndi amenewo?" anafunsa dalaivala.

"Ndi amenewo. Lizani injini."

Botilo linayandikira mpaka nkhope zinayamba kuoneka. A Jekapu anagona pakati, mutu uli pamiyendo pa akazi awo. Simão anawerama n'kunena kanthu kwa a Madalena, mayiyo n'kugwedeza mutu movomera. Kenako Simão anakankha chiwongolero. Mphuno ya boti inasiya doko la pa boma n'kuloza tsidya lina, ku Zumbo, kwa mayi wa mizu uja.

"Iwe Simão!" Hillary anathamangira m'madzi ndi nsapato zomwe. "Chipatala ndi kuno! Simão!"

Tisiyenji anaimirira m'botimo, likupendama. Ankakuwa, pakamwa pali potseguka, dzanja limodzi likuloza galimoto, koma injini inameza mawu ake onse. Amayi ake anamukoka chitenje n'kumukhazika pansi. Simão sanacheuke, anangokweza dzanja la wotchi lija m'mwamba ngati akutsanzika bwenzi.

"Bwana, ine ndili ndi odwala ena," anatero dalaivala patapita kanthawi. Galimoto linabwerera kumtunda, mphasa ija ili yoyala kumbuyo.

Hillary anatsala chiimire, madzi ali m'mawondo. A Everisto anafika ali wefuwefu, atatsika pa ngolo ya ng'ombe imene anaipempha m'njira, mbale zija atazikwapatira m'khwapa. Anayang'ana boti, anayang'ana mphwawo, n'kumugwira paphewa.

"Usade nkhawa, mphwanga. Mawa ndiwoloka ndekha, ndikakulankhulira."

Tsidya lija boti linagunda pamchenga. Hillary anaona Simão akunyamula a Jekapu m'manja ngati mwana, Tisiyenji akutsatira pambuyo atawerama. Ndipo pamwamba pa madzi panabwera nthungululu ya a Madalena, yomwe ija anamuimbira iye tsiku la mbale.